Dengu Linaima pa Khonde la Afaf

Bakos, Alexandria

Mwana wanga Nagwa,

Mtendere wa Mulungu ndi chifundo chake zikhale pa iwe. Uli bwanji ku Milano kumeneko? Msana uja unasiya kukuvuta? Nanga nkhalamba ya Chitaliyana imene umaisambitsa ija ikadalipo, ikulavulabe mankhwala? Ine ndilipo, Mulungu ayamikike. Mawondo ndi omwe aja, akulira ngati chitseko cha kubafa. Mlongo wako Medhat ali bwino, wanenepa. Mlamu wako Afaf ali bwino mopitirira muyeso.

Usadabwe kupeza kalata m'thumba la denje louma. Ndawapatsira Mayi Soheir, amene akubwera kumeneko kudzaona mdzukulu wawo. Pa foni sindingalankhule. Foni yanga anandikonzera ndi Medhat, ndipo amaitsegula ngati firiji ya kwake. Komanso ukudziwa kuti ndikayetsemula kumwamba kuno, Afaf pansipa amayankha kuti Mulungu akuchitireni chifundo amayi. Zilembozi uzipirire. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi ndipo maso anatha, ndiye ndikulemba zikuluzikulu ngati chikwangwani cha pabutchala.

Khala pansi. Ngati wanyamula chosweka, yamba wachiika. Nkhani ndi ya mwana wako Basma. Sakudwala, mimba alibe, usayambe kudziguguda pachifuwa. Koma ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo chimwalirire bambo ako.

Ndiyambire poyambira, chifukwa iwe ukamva nkhani kuyambira kumchira umakuwa usanamvetse.

Chichokere iwe, Basma akaweruka kukoleji amakhala pawindo ndi mabuku a Chingerezi. Tsiku lina ndinamumva akuseka yekha. Ndinamufunsa ngati maphunziro a mankhwala masiku ano amasekesa. Anati si za mankhwala agogo, ndi nthano chabe. Ndinati nthano m'nyumba mwanga sadya yekha, bwera nayo kuno. Kuyambira pamenepo masana alionse iye amawerenga n'kumanditembenuzira m'chilankhulo chathu, ine ndikusankha mphodza.

Nagwa, ine ndimayesa nthano ndimazidziwa! Buku limeneli muli chombo chachikulu chonyamula madzi oundana, choyenda pakati pa nyenyezi kukagulitsa madziwo ku maiko a ludzu. Woyendetsa wake ndi mkazi. Dzina lake lilime langa linakana, ndiye ndinamutcha Wachipsera, poti ali ndi chipsera kuchokera pakhutu mpaka pachibwano. M'chombomo munabisala kamtsikana kakuba, kamene ndinakatcha Wamfupi. Kanaba njere ya mkuyu wotsiriza m'munda wa mfumukazi ina yoipa mtima, n'kuibisa m'tsaya ngati mwana wobisa switi. Mfumukaziyo inatumiza zombo zake zonse kuwalondola.

Poyamba awiriwa ankadana ngati ine ndi Afaf. Wachipsera ankati ndikutaya kunja iwe, ukazizire ndi nyenyezi. Wamfupi ankati tayani, koma mudziwe kuti supu wanu ngwoipa kuposa imfa. Ndinaseka mpaka mphodza zinamwazika pansi. Masiku ena ndinkachedwetsa swala ya masana kuti timalize mutu, Mulungu andikhululukire.

Tsono tsiku lina Basma anangoti zii pakati pa tsamba. Anati apa palibe nkhani agogo, tidumphe, ndikuikireni tiyi. Ndinati iwe, ine ndasambitsa akwati ndi maliro omwe, palibe tsamba lingandigwetse pampando, werenga. Anawerenga. Wachipsera anamupsompsona Wamfupi. Osati pamphumi, Nagwa. Pakamwa.

Ndinkamva tiramu, kasitima ka m'tauni kaja, ikudutsa kumsewu, ndinkamvanso mwanayo atagwira mpweya osautulutsa. Ndinati zatenga nthawitu, ine ndinaziona kalekale, tsiku lija ankamumanga bala la pamkono. Basma anagwera pamawondo anga owawawa n'kulira kulira kumene sanalire ngakhale tsiku unkakwera ndege.

Atatonthola ndinamufunsa chimene amawakondera mabuku amenewa. Anati agogo, m'mafilimu a kuno mkazi wotere akaoneka, ndiye kuti ndi wamisala, kapena afa filimu isanathe. Koma m'mabuku umu amayendetsa zombo, amamenya nkhondo, amakangana za amene wamaliza shuga, ndipo palibe amene amawathamangira kwa shehe. Anati akamawerenga amapuma ngati munthu amene wavula nsapato yothina.

Ukumukumbuka Nermin, mwana wa Fathi wogulitsa penti uja? Wowonda, wamagalasi, amene ankabwera kudzachita masamu? Mabukuwa amabwerekana awiriwa. Buku ndi limodzi, limagona masiku angapo kuno, masiku angapo kwawo. Pamasitepe silingadutse, chifukwa Afaf amasiya chitseko chake chotsegula ndipo chilichonse chokwera amachinunkhiza. Ndiye linkakwera m'dengu langa, lija ndimatsitsa ndi chingwe kuchokera pakhonde pogula buledi ndi nyemba. Nermin ankalikulunga m'nyuzipepala, kuliika pansi, buledi pamwamba. Ankabwera Lachiwiri, Afaf ali kumsika.

Tsopano imva chimene ndakhala ndikuchizungulira. Maso anga anatha koma makutu alipo. Nermin akatsokomola pansi pa khonde, Basma amadzuka ngati wakhala pa singano. Akabwerera m'nyumba amaimba potsuka mbale, mwana amene chibadwire sanaimbepo. Sindinamufunse. Iye sanandiuze. Koma ndikudziwa, ndipo tsopano nawenso wadziwa.

Usang'ambe kalatayi. Lira ngati ukufuna, koma uwerenge mpaka kumapeto. Nanenso ndinalira pamkeka wa swala. Ndinamufunsa Mulungu kuti zimenezi n'zotani, sanandiyankhe. Ndiye ndinati Mbuye wanga, kuweruza ndi kwanu, sindikulandani ntchito. Yanga ndi kuona kuti mwanayu wadya, wafunda, ndipo ali moyo.

Tinafika pamalo oipa m'bukumo. Zombo za mfumukazi zinaboola chombo chawo, mpweya wotsala unali wokwana munthu mmodzi. Wachipsera anamukankhira Wamfupi m'kachipinda, n'kutseka chitseko iye ali kunja. Pomwepo nthawi ya Nermin inakwana, buku linatsika. Ndinamulumbiritsa Basma kuti asafunse mapeto, tidzamvere limodzi. Sabata imeneyo chakudya sichinkandikomera. Nkhalamba yonse ine, kudera nkhawa anthu a papepala!

Lolemba masana ndili pakhonde ndinamva kutsokomola kuja kukudutsa mumsewu. Basma kunalibe. Ndinaitana kuti iwe mwana wa Fathi, chinthu chija uli nacho? Anati chili m'chikwama agogo, koma lero si tsiku lake. Ndinati tsiku lake ndi limene ndanena ine, ukufuna ndife osamva mapeto? Ndinatsitsa dengu. Mwana waulemu uja anathamangira kukagula buledi kusitolo ya Saad, n'kuika zonse bwinobwino.

Ndinayamba kukoka. Dengu linadutsa pawindo la sitolo, n'kufika pa khonde la Afaf. Pamenepo linaima.

Ukudziwa chizolowezi chathu. Dengu langa likamadutsa, Afaf amatengamo buledi muwiri, nthawi zina n'kuikamo kambale ka zimene waphika, zimene ine ndimapatsa amphaka. Tsiku limenelo anali pakhonde akuyanika malaya a Medhat. Anagwira dengu, nati buledi wa lero ngwolemera bwanji amayi, Saad wayamba kuthira simenti? Ndinati siya dengu langa iwe, tenga buledi wako uzipita. Ndinakoka. Iye anakokanso. Ine kumwamba, iye pansi, msewu wonse ukuonerera. Chingwe chinandisupula m'manja, chilonda chake chikadalipo. Nyuzipepala inang'ambika.

Pachikuto cha bukulo pali akazi awiri atagundanitsa mphumi, wina atagwira mnzake pakhosi, kumbuyo kwawo kuli nyenyezi. Ine chithunzicho ndinali ndisanachionepo bwino. Afaf anachiona bwino. Dengu linakwera lopepuka. Nditasuzumira pansi ndinangoona kamthunzi ka Nermin kataima ngati mtengo wa magetsi.

Madzulo Medhat anakwera, buku lili m'manja, Afaf ali kumbuyo kwake ngati mchira. Basma anali atangofika, asanavule ndi mpango womwe. Medhat anafunsa kuti ichi n'cha yani. Ndinati n'changa. Anati amayi, inu dzina la pabotolo la mankhwala anu simuliona, Chingerezi mwachiphunzira liti? Ndinati ndinachiphunzira tsiku limene iwe unaphunzira kufunsa mayi ako mafunso ngati wapolisi. Buku ndi langa, mwanayu ndimamutuma kundiwerengera monga ndimamutumira kundidula zikhadabo. Ngati sukukhulupirira khala pansi ndikuuze zili m'menemo.

Anakhala. Ndinayamba. Nagwa, chibadwire sindinakambepo nthano ngati tsiku limenelo, poti ndinkakambira moyo wa mwana. Ndinamuuza za madzi oundana, za njere m'tsaya, za supu woipa. Ndinati awiriwa ndi pachibale, mimba imodzi, analekana ali ana, pachikutopo ndi pamene akuzindikirana. Mlongo wako anayasama ngati kale lija ndinkamudyetsa phala. Nditafika pa chitseko chija anafunsa kuti ndiye zinatha bwanji. Ndinati ndikanadziwa, mkazi wako akanapanda kugwira dengu la eni.

Ndinayesa ndapambana. Koma Afaf anati iye ali ndi azichemwali anayi, palibe anamugwirapo pakhosi chonchi. Ndinati n'zoona, ako akakugwira pakhosi amafinya. Pakamwa pangapa, Nagwa! Anafiira, nati chabwino, achimwene ake, a Ragab, aphunzitsi a Chingerezi ku Damanhour aja, akubwera pa Idi ya nkhosa. Adzaliwerenga lonse, tsamba ndi tsamba, adzatiuze ngati ndi pachibale. Analitenga n'kukalitsekera m'kabati yake ya mbale za alendo. Kiyi ali pakhosi pake.

Medhat anasintha nkhope. Sanakuwe, ndipo n'chimene chinandiopsa. Anamulanda Basma foni. Anati kukoleji azimuperekeza yekha ndi kukamutenga. Anati ngati a Ragab apeza zimene Afaf akunena, sukulu yathera pomwepo, Basma apita kumudzi kwa Afaf akakwatiwe ndi mwana wa mlongo wa Afafyo, uja wa mathirakitala amene mkazi wake woyamba anathawa ndi mkono wothyoka. Anati asanapite adzayamba wamutengera kwa munthu wina wodziwa kuchotsa zoterezi m'mutu mwa atsikana. Anatinso adzapita kwa Fathi akamuuze chimene mwana wake amaika pansi pa buledi. Fathi ukumudziwa. Anamuthyola mwana wake wamwamuna nthiti chifukwa cha ndudu imodzi.

Basma anangoyang'ana pansi n'kunena kuti chabwino amalume.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wako akutha ngati sopo. Amadya timasupuni tiwiri kuti ndisalankhule. Saimba. Amakhala pawindo paja manja ali pamiyendo. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde atatsamira kwambiri, akuyang'ana pansi. Ndinamukoka ndi diresi. Anati ndimangoona msewu agogo. Mwina ankaonadi msewu. Koma chitseko cha pakhonde ndinachikhoma, kiyi ndimagona naye, ndipo mankhwala anga a shuga ndinawasamutsira pansi pa pilo. M'nyumba muno tsopano muli akazi awiri oyenda ndi makiyi pakhosi.

Sindinakuuzepo za Karima wa kumudzi kwathu. Ndili mtsikana kunali telala wamkazi dzina lake limenelo, ankakhala ndi mnzake wina, amati amathandizana kusoka. Anthu anayamba kunong'ona pachitsime. Sipanapite nthawi, Karima anapezeka m'ngalande yothirira minda. Anati anaterereka. Munthu wobadwira m'mbali mwa ngalande, kuterereka m'chilimwe! Palibe anafunsa. Maliro ake tinapitako akazi owerengeka. Nkhope yake ndinali nditaiwala, koma masiku ano ikumandibwerera ndikamayang'ana Basma.

Ndayesa zanga. Ndinatsikira kwa Afaf ndi mawondo angawa, ndinamutcha mwana wanga, mawu amene anandiwawa kuposa masitepe. Ndinamupatsa ndolo zanga zagolide zija wakhala akuzisirira chikwatiwire. Ndolo analandira. Buku anati lili bwino pamene lili, likudikira a Ragab. Ndinaganiza zothyola kabati iye ali kumsika, koma buku likasowa ndiye kuti tavomera mlandu. Ndinaganiza zowakumanira a Ragab pakhomo ndiwapemphe, koma munthu uja amakonza ndi mawu a shehe omwe pa Lachisanu, sangaone tsamba lija n'kukhala chete.

Ndiye ndatsala ndi iwe. Bwera, Nagwa. Bwera Idi isanafike. Usanditumizire ndalama, usanditumizire mafuta opaka mawondo, ubwere wekha ndi miyendo yako. Nkhalamba yakoyo aisambitse ana ake, nawonso aone mmene imalavulira.

Medhat ine sandiopanso, amandiona ngati mpando wakale wa bambo ake. Koma iwe amakuopa. Unamubereka kumsana, unamupukuta mamina, unamumenyera anyamata a mumsewu. Ukamuyang'ana m'maso amabwerera kukhala kamwana. Udzanene kuti buku unatumiza ndiwe, unagula osaliona, ulitenge m'kabatimo ndi dzanja lako a Ragab asanavule nsapato. Bodza limenelo tchimo lake ndisenza ine, ndili nawo kale ambiri, limodzi silindithyola. Ukatero uyambe za mapepala, mwanayu umutenge akamalizire sukulu kumeneko. Ndidzatsala ndekha ndi Afaf, ndikudziwa. Ndalolera.

Ndikuopanso iwe, ndisakunamize. Sindikudziwa nkhope imene uli nayo pofika pamzere uno. Mwina ukuti mayi anga apenga, andiwonongera mwana ndi nthano. Nthano sizinamupange chimene ali, mwana wanga. Zinangomuuza kuti sali yekha pansi pa thambo. Ngati uli ndi ukali, udzathire pa ine, ndine ndinatsitsa dengu Lolemba. Koma ukadzalowa pakhomo pano, udzayambe wamukumbatira, mafunso pambuyo. Unamunyamula miyezi isanu ndi inayi m'chilimwe chija kunalibe magetsi. Ndi yemwe uja.

Nermin amadutsabe. Satsokomolanso. Amaima tsidya lina pa sitolo ya Saad ngati akusankha buledi, amasankha nthawi yaitali, kenaka amapita. Saad anandiuza kuti mwanayo wawonda, magalasi akumugwa. Dengu lili pamsomali. Buledi akundigulira ndi Medhat, wouma ngati mtima wa mkazi wake.

Dzulo masana Basma anagona pamiyendo panga ndikumupesa. Anandifunsa chapansipansi kuti agogo, mukuganiza kuti zinatha bwanji? Ndinadziwa kuti sakufunsa za buku lokha. Nthano zonse zimene ndinakula nazo, mkazi wotere amathera m'ngalande. Ndinati mapeto ndikuwadziwa ine, ndinawalota. Wamfupi ndi wakuba, chitseko chokhoma n'chiyani kwa iye? Anachithyola, anamukokera Wachipsera m'katimo, anapumirana mpweya umodzi mosinthana. Atatsala pang'ono kukomoka, kunatulukira chombo china chakale, chautsi, chokhosomola, woyendetsa wake mayi wina wolongolola wa msana wopweteka, amene anachokera kutali kudzawatenga. Anakafika ku dziko lina, anadzala njere ija, mkuyu unamera, anaweta nkhunda padenga, anakalamba akukanganabe za supu.

Basma anati agogo mukunama, m'bukumo mulibe mayi wotero. Ndinati alimo, sunafikepo chabe pa tsamba lake. Anaseka pang'ono, koyamba chichitikire zimenezi. Kenaka anafunsa kuti nanga mayiyo akadzamva zonse, adzawatengabe? Ndinati adzawatenga.

Nagwa, ndanena mabodza ambiri mwezi uno, kwa Medhat, kwa Afaf, ena ndakonzera a Ragab. Ili lokha usalole kuti likhale bodza.

Undiperekere moni kwa Mayi Soheir ukawaona, uwapatse tiyi, koma usawauze kanthu, pakamwa pawo m'posatseka ngati panga. Moni kwa anzako a m'nyumba aja, ndi kwa nkhalamba yako, Mulungu aipatse imfa yofewa ikadzafika nthawi. Denjelo uphike ndi adyo wambiri. Kalatayi ukawerenga uiwotche.

Mulungu akutsegulire njira, akufewetsere mtima, akufikitse pakhomo pano nkhosa zisanayambe kulira mumsewu. Chingwe cha dengu ndachilimbitsa pamene chinatsala pang'ono kuduka tsiku lija. Ukadzatsika galimoto udzatsokomole, ndidzamva.

Ndine mayi ako,
Zeinat